Nyumba ya ku Kalingalinga Ili pa Webusaiti

Ba Lazarous anali munthu wa makiyi. M'matumba a jekete lawo munkalira makiyi a nyumba za eni, ndipo aliyense wofuna chipinda cha renti ku Kalingalinga kapena ku Mtendere ankauzidwa kuti akawapeze pa benchi ya pafupi ndi malo ometera, pomwe ankakhala ndi mafoni awiri ndi nyuzipepala ya dzulo. Ofesi yawo inali yomweyo. Nambala yawo inalembedwa ndi penti pamakoma ndi pamitengo ya malaiti, ndipo mvula ikaifufuta, anthu ankachita kukaifunsa kwa wometa.

Kwa Ennie iwo anali ankolo, ngakhale panalibe ubale wa magazi. Anali bwenzi la malemu bambo ake, a Moven, amene ankawotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo m'mphepete mwa msewu waukulu. A Moven atamwalira, ba Lazarous ndiwo anathamangira bokosi, galimoto ndi manda, ndipo kuchokera pamenepo sankadutsa panyumbapo osalowa kudzafunsa ngati kwacha bwino.

Ennie anali ataphunzira za makompyuta pa kakoleji kena m'tauni. Ntchito ya mu ofesi anaifunafuna mpaka nsapato kutha, kenaka anangoyamba kudzipangira yekha mapositala a misonkhano ya tchalitchi, makhadi a ukwati ndi ndondomeko za maliro. Zonsezi ankapangira patebulo lodyera, laputopu ili pakati pa shuga ndi makapu, amayi ake akumuuza kuti asunthe chifukwa akufuna kusita. Ba Lazarous anamupeza pamenepo tsiku lina, nakhala pansi akupukuta thukuta.

"Iwe Ennie, anyamata a manje anipita," anatero. "Onse ali pa intaneti. Munthu akafuna nyumba sayenda, angoyangana pa foni. Nipangileko chija chinthu, webusaiti. Koma chikhale chakuti ngakhale ine, na vala vanga ivi, ningachikwanise."

Anatambasula zala zawo zonenepa, onse naseka. Ennie anavomera nthawi yomweyo, chifukwa aka kanali koyamba kuti munthu amupatse ntchito imene anaiphunzira kwenikweni. Anayamba tsiku lomwelo, akuthamangitsana ndi malaiti amene ankapita nthawi imene afuna. Chimene chinatuluka poyamba chinali chokongola ngati cha makampani a ku Kabulonga: zithunzi zikuluzikulu zoyenda zokha, Chingelezi chozama, mitundu yowala. Koma ankadziwa kuti webusaiti sayesera pa laputopu ya mwini wake. Anapita nayo kumsika kwa ba Inonge, mayi wogulitsa kapenta ndi tomato, amene ankafunira mng'ono wawo chipinda.

Ba Inonge anapukuta manja pachitenje, natulutsa foni ya galasi long'aluka. Kabwalo kanazungulira pafoniyo, kanazungulira. Anagulitsa mulu wa tomato, nabwerera, kakuzungulirabe. Kenaka uthenga unalowa woti mabandulo atha.

"Mwana iwe, chinthu chako chadya mabandulo yanga yonse, nyumba sininaione olo imozi!"

Ennie anawagulira ena, nakhala pambali pawo mpaka dzuwa kupendeka, akufunsa iwo ndi amayi a mabenchi oyandikana. Munthu wofuna nyumba amafunsa chiyani asanafunse mtundu wa penti? Mayankho anali omwe iye mwini anakula nawo. Madzi ali pabwalo kapena ndi okatunga? Chimbudzi ndi cha mabanja angati? Mita ya malaiti ndi yako wekha kapena muzikangana ndi landilodi? Mvula ikagwa madzi amalowa m'nyumba?

Anabwerera kunyumba nagwetsa zonse zimene anali atapanga. Zithunzi anazichepetsa kuti zizitseguka ngakhale pafoni yotopa. Patsamba loyamba anasiyapo mabatani akuluakulu okha: sankha komboni, sankha renti kapena kugula, sankha zipinda. Mawu anawalemba m'Chinyanja ndi m'Chingelezi chosavuta. M'malo mwa manambala a mapuloti, amene palibe amawadziwa, anaika malo olembapo njira monga anthu amalozerana, kuti ukatsika basi pa chigayo ukhotere kumanzere, kuseri kwa tchalitchi cha denga lofiira. Pansi pa nyumba iliyonse anaika batani lobiriwira lotumizira uthenga wa mawu kwa ba Lazarous, chifukwa ambiri kulemba pafoni kumawatopetsa.

Anakangana pa chinthu chimodzi chokha. Ba Lazarous sanafune funso la madzi osefukira.

"Ukalemba kuti nyumba ya ku Kanyama imalowa manzi, azakhalamo ndani?"

"Ankolo, mukabisa, azaziba mu Januwale, ndiye azabwela pa benchi yanu na ukali. Muzikamba zoona, azakukhulupililani."

Ba Lazarous anagwedeza mutu. "Uli monga atate ako," anatero, navomera.

Ntchito yomaliza inali yowaphunzitsa kuika nyumba okha. Ennie anakonza mbali yawo kuti isakhale ndi chilichonse chosokoneza: jambulani, sankhani, lembani njira, dinani. Ankabwera masana n'kukhala naye patebulo lija, magalasi ali pansonga pa mphuno, akudina batani lolakwika, Ennie n'kulikulitsa kapena kulisuntha. Tsiku limene anaika okha nyumba ya ku Chawama popanda kufunsa, anaimirira n'kuvina pang'ono pakati pa mipando, amayi a Ennie akuomba m'manja.

Webusaitiyo inayenda. Mng'ono wa ba Inonge anapeza chipinda. Mafoni awiri aja sankapumanso, ndipo anthu ena a mabizinesi anayamba kufunsa kuti anapanga ndani. Ennie anaona kuti tebulo lodyera lachepa. Kutsogolo kwa nyumba yawo, pakati pa geti ndi mtengo wa kotapeya, panali malo, ndipo anapempha amayi ake kuti amangepo kachipinda koti kakhale ofesi yake, chitseko choyang'ana kumsewu. Amayi anangoti, "Tidzaona." M'mawa mwake anati amange.

Anamanga pang'onopang'ono, ntchito ikalowa agule mabuloko, ina ikalowa agule simenti. Wothandiza mmisiri womanga analibe, choncho mchenga ankasenza yekha, madzi ankatunga yekha, manja mpaka kutuluka matuza. Mchimwene wake Silas, amene ankayendetsa minibasi ndipo ankakhala ku Chawama ndi banja lake, ankabwera Lamulungu n'kuzungulira khomalo akuligogoda. "Manga, mlongo wanga, manga," ankatero.

Khomalo litafika pamawindo, Loweruka lina amayi anamutuma ku Matero kukapereka nsalu kwa mayi wina wa kumpingo. Anamuuza kuti asafulumire, akachezeko. Pobwera anapeza bwalo lasesedwa ngati kukubwera akuluakulu, zochapa zachotsedwa pachingwe, ndowa zonse zalowetsedwa m'nyumba. Anangoti amayi lero adzuka ndi mphamvu.

Patapita masiku ochepa, akudutsa pamsika, ba Inonge anamukodola.

"Iwe, mwayamba kutisiya osalaila? Muyenda kuti?"

"Ndani ayenda?"

Ba Inonge anamupatsa foni. Tsambalo linatseguka msangamsanga, monga momwe iye analikonzera. Kalingalinga. Yogulitsa. Chithunzi choyamba chinali geti la zitsulo zopindidwa ngati masamba, limene bambo ake anawotcherera ndi manja awo. Chachiwiri chinali kotapeya. Chachitatu chinali khoma lake, mabuloko amene anasenza pamutu, ndipo pansi pake ba Lazarous analemba kuti kutsogolo kuli kale shopu yotsala pang'ono kutha. Mafunso onse anayankhidwa bwinobwino. Madzi ali pabwalo. Mita ndi yake. Mvula siilowa. Njira inalembedwa momveka moti mlendo aliyense akanafika pakhomo pawo osafunsa munthu.

Ennie anabweza foniyo, nalunjika ku benchi.

"Ankolo, ichi ni chani?"

Ba Lazarous sanadabwe. Anapinda nyuzipepala. "Khala pansi, mwana wanga."

"Sinikhala. Ndani wakuuzani kuti nyumba yathu ni yogulisa?"

"Ine nine ejenti chabe. Mwine wa nyumba akabwela, nimaika."

"Ni ba Silas?"

"Pita ukakambe na amai ako."

Wometa anali atazimitsa makina ake, makasitomala atatembenuka. Ennie anachoka. Njira yonse ankatukwana Silas mumtima. Anali wotsimikiza kuti ndi iyeyo, ndi minibasi yake yosatha kuwonongeka, amene wapita mseri kukagulitsa denga la mayi wake wamasiye. Chimene chinkamuvuta chinali mmene awauzire amayi, chifukwa magazi awo ankathamanga ndipo nkhani yotere ikanatha kuwagwetsa. Anakonza mawu. Ayambe wawapatsa madzi akumwa, awakhazike pansi, kenaka anene pang'onopang'ono.

Anawapeza pakhonde akusankha nyemba. Anagwada pambali pawo, nawagwira bondo.

"Amama, musadabwe, nizakonza. Nyumba ino aiika pa webusaiti kuti ni yogulisa."

Amayi sanakweze mutu. Anachotsa kamwala m'nyembamo, nakaponya pabwalo.

"Ndikudziwa. Ndine ndinawauza."

Ennie anakhala pansi pomwepo, pasimenti.

"Maondo anga atha, Ennie," amayi anapitiriza, mawu ali pansi. "Kuno ndilibe munda, bambo ako kulibe. Tayang'ana aneba athu, onse agulitsa, tatsala tokha pakati pa mipanda italiitali. Ku Katete kuli azing'ono anga, kuli malo olima. Ndikufuna ndikafere kwathu."

"Nanga bwanji simunaniuze?"

"Ukanakana."

"Ee, nikanakana! Nikanalila, nikanakwiya, koma mukananiuza. Nine mwana wanu, nikhala muno. Tigona nyumba imozi, tidya mbale imozi." Analoza khoma lija. "Na chija? Munaniona nikusenza mchenga. Munanipaka mafuta pa matuza, imwe amama. Munali kuziba?"

Amayi anasiya nyemba.

Apo geti linalira. Anali Silas, atavala malaya a kuntchito. Ba Lazarous anali atamuimbira, ndipo anasiya minibasi m'manja mwa mnzake. Analowa akupukusa makiyi pachala ngati munthu wobwera kudzathetsa nkhani yaing'ono.

"Manje chavuta ni chani? Gawo yako ilipo, palibe azakudyela."

"Ba Silas, munayamba liti kukamba nkhani iyi?"

"Kudala. Mvula isanayambe."

Ennie anawerengera m'mutu, ndipo zinamulasa. Mvula isanayambe, ba Lazarous anali asanabwere n'komwe kudzapempha webusaiti.

"So ankolo pobwela kuti niwapangile chija chinthu, nkhani inali itapsa kale?"

"Anakamba kuti ogula a ndalama sabwela pa benchi, afunika pa intaneti. Ni nzelu yabwino, si yoipa."

"Na ofesi yanga?"

Silas anakanda kumutu. Sanali munthu wodziwa kubisa mawu. "Amama anafuna kukuletsa. Ba Lazarous ndiye anakamba kuti tikuleke umange, chifukwa puloti ili na shopu kusogolo imagulika bwino."

Ananena ngati akunena za mtengo wa mafuta. Amayi anabisa nkhope m'chitenje. Ennie anayang'ana manja ake, pamene matuza anali atauma n'kukhala zikang'a. Anakumbukira masana onse aja patebulo, iye akukulitsa mabatani kuti zala za ankolo zisaphonye, amayi akuwapatsa tiyi, onse awiri akudziwa nyumba imene idzaikidwe. Anakumbukiranso kuti iyeyo ndi amene anawaphunzitsa kunena zoona kwa anthu osawadziwa. Anthu atatu amene akanawalumbirira anali atamudyera masuku pamutu, ndipo palibe mmodzi anaona kuti ndi nkhanza. Sanalire. Analowa m'nyumba natseka chitseko.

Laputopu inali patebulo. Webusaiti yonse inali m'manja mwake, ndipo akanatha kuizimitsa yonse nthawi yomweyo. Anaiyang'ana kwa kanthawi, nyumba za ku George, za ku Misisi, za ku Marapodi, anthu akufunsa, ena akuthokoza. Imeneyo inali ntchito yake yabwino koposa zonse, ndipo dzanja linakana. Anangochotsa nyumba yawo yokha.

Dzuwa lisanalowe inali itabwereranso. Ba Lazarous anaiikanso okha ali pa benchi, osalakwitsa batani ngakhale limodzi.

Sanaichotsenso. M'mawa mwake anapita ku benchi, nawapatsa zonse zolowera pa webusaitiyo, nawauza kuti apeze munthu wina woisamalira.

"Ennie, usachite monga mwana. Ninali kuthandiza amai ako. Atate ako ananisiila banja iyi."

"Anakusiilani na ine," anatero Ennie, natembenuka.

Ogula anayamba kubwera sabata yomweyo, ndi magalimoto aatali amene ankavutika kukhota mu kanjira kawo. Ankatsika ndi mafoni m'manja, akuyamikira kuti malowo sanavute kuwapeza. Nyumba sankaiyang'ana kwenikweni. Ankayeza bwalo ndi mapazi, kufunsa za mapaipi, kuyang'ana kumene msewu uli. Ennie ankati akamva hutala n'kutulukira kuseri. Amene anagula anali bambo wa mawu ofatsa, wofuna kumanga mafulati. Za shopu ija anati aona, mwina aigwetsa.

Masabata otsalawo anakhala m'nyumbamo ngati anthu a renti osadziwana. Ennie ankaphika, ankachapa, ankawapatsa amayi mankhwala pa nthawi yake, ankayankha akafunsidwa. Amayi anayesa kangapo kuyambitsa nkhani, tsiku lina mpaka anamuitana kuchipinda kuti asankhe zimene akufuna pa katundu wa bambo ake, koma iye anati chilichonse chimene atamusiyire n'chabwino. Chipinda anapeza ku Mtendere kudzera mwa Cynthia, mnzake wa kukoleji, ndipo anasamutsa zovala ndi mabuku ake pang'onopang'ono, pa wilibala.

Tsiku la ulendo Silas anabwera ndi minibasi yake m'mawa, nanyamula matumba, zofunda, mapoto ndi makina osokera. Ennie anakwera nawo mpaka ku siteshoni ya mabasi akuluakulu m'tauni. Kunali phokoso la oitanira, utsi, anthu okoka zikwama za eni. Iye ndi amene anakangana ndi wolongedza katundu kuti makina osokera asaikidwe pansi pa matumba a simenti, ndi amene anawapezera amayi mpando wa pawindo kuti azitambasula mwendo. Anawagulira madzi ndi nthochi, naika mankhwala m'thumba la pamwamba kuti asavutike kuwapeza.

Amayi anamugwira dzanja asanatsike.

"Ndinalakwa, mwana wanga. Tsiku lililonse ndinkati ndikuuza mawa. Udzabwera kudzandiona?"

Ennie anayang'ana dzanja lawo lokwinyika lili pa lake. Ankafuna kunena kuti inde, ndipo ankadziwa kuti tsiku lina adzapita, chifukwa mayi ndi mayi. Koma mawuwo anali asanafike pakamwa, ndipo sanafune kunama.

"Muyende bwino, amama. Mukafika mutume foni."

Anatsika. Basi inali isanadzaze, ndipo inkaoneka kuti ichedwa kunyamuka. Silas anaima pansi pa windo akulankhula ndi amayi, kenaka anaitana Ennie kuti adikire, amutula ku Mtendere pobwerera. Ennie anakweza dzanja kukana. Anadutsa pakati pa ogulitsa mabisiketi ndi zingwe za mafoni, natuluka pa siteshoni, nakakwera minibasi ya munthu wina.